Chithunzi cha mu Ofesi ya Ahedi

Tsiku lomwe alendo a ku boma anabwera pasekondale pathu kufupi ndi Kandeu, ahedi anandiitanira kutsogolo.

"Uyu ndi Asiyatu, Msilamu yekhayo pano. Ife tsankho ayi!"

Onse anawomba m'manja. Lufina, yemwe amakana kumwera kapu imodzi ndi ine, anandikumbatira mpaka mpango wanga wakumutu unapendekeka. Alendowo anatijambula kalasi yonse, ine pakati, ndikumwetulira ngati chitsiru.

Galimoto ya alendo itangotuluka pageti, aliyense anabwerera kwa anzake. Ndinanyamula mbale yanga n'kukadyera kuseri kwa labu, pamwala wanga wa masiku onse.

Chithunzicho anachipachika mu ofesi. Ndikatumidwa kukatenga choko, ndimaima n'kumachiyang'ana. Mtsikana wapakati pachithunzipo ndimamuchitira nsanje: ali ndi anzake makumi atatu.