Wotchi Imene Inamira M'ndowa

Wotchi inali kale m'ndowa pamene Chitsiriza ankalowa m'khitchini. Mchimwene wake anali atapinda mikono ya malaya, akusuzumira m'madzimo monyadira ngati anaipanga ndi iye.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

Iye anati mlongo wakeyo asapupulume, ayambe wawerenga zimene zinalembedwa pawotchipo: mamita zikwi zitatu. Chinthu chopirira pansi pa nyanja, kumene ngakhale nsomba sizifikako, ndowa yotsukira mbale ingachitani?

Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro a bambo awo, ndipo mkangano unali utayamba kum'mawa. Mkuluyo ankati wotchiyo ndi yake popeza ndiye wachisamba, komanso ku ofesi kwake kuli anthu odziwa kuyamikira zinthu zapamwamba. Chitsiriza anamuyankha kuti sangathe kuisamala, poti bambo, eni ake, ankaivula ngakhale posamba m'manja. Mkuluyo anaseka, nati amenewo anali mantha a ukalamba, ndipo aonetsa pompano.

Mantha a madzi, bambo amenewo! Munthu amene anagwira ntchito zaka makumi atatu pansi pa madzi, kuwotcherera mapaipi ndi kuchotsa zinyalala pazitseko za damu. Wotchiyo anapatsidwa ndi kampani tsiku lopuma pantchito, ndipo chilandirireni sinakhudzepo dontho.

Chimene chinkamuwawa Chitsiriza si zoti wotchiyo ikhale ya yani. Chimwalirireni bambo, mayi ankaipukusa m'mawa uliwonse, n'kuiika pakhutu. Pamaliro sanalire mokweza, koma anamuuza kuti bola ikuyenda, nyumba siikhala zii. Tsiku la mkanganoli anangoisiya patebulo popita kukasamba.

Chitsiriza anaivuula yekha. Poyamba inkaoneka bwinobwino, mkuluyo mpaka anayamba kumwetulira. Kenako pansi pa galasi panachita nthunzi, muvi wa masekondi unadzandira kawiri, n'kuima. Kachitsulo kopukusira kam'mbali kanali kosamanga. Zala za bambo zinali zitauma ndi nyamakazi, moti ankangokasiya choncho, ndipo mayi anaphunzira momwemo.

Mayi atalowa sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anaipukuta ndi nsonga ya nsalu, kuiika pakhutu, kuisinthira khutu lina.

"Yaima," anatero.

Wokonza mawotchi amene ana awiriwo anamupititsira wotchiyo anali ndi kashopu kopanikizika pakati pa telala ndi wogulitsa mafoni. Anavala kagalasi padiso limodzi, n'kutsegula kumbuyo kwa wotchiyo, madzi n'kudontha patebulo. Mkuluyo ndiye anayamba kubwebweta kuti makampani ndi akuba, amalemba zabodza, munthu angathe kuwasumira. Chitsiriza analuma mano. Mpaka apa munthuyu ankafunabe wina womusenzetsa mlandu.

Wokonzayo anamusiya atope kaye. Kenako anafotokoza kuti nambalayo si yabodza: amaiyesa m'makina ili yatsopano, timphira totsekera madzi tili tatsopano, kachitsulo kali komanga. Ndi kachida kopanira anatola kamphira kamodzi, kouma ngati lasitiki wa kabudula wakale, ndipo kanaduka asanakakoke n'komwe.

"Nanga bambo anu ankafika mamita angati?"

Mkuluyo anayang'ana mlongo wake. Sankadziwa. Chitsiriza anayankha kuti sanapitirirepo makumi awiri.

"Ndiye amenewo ndi amene amagwiradi ntchito m'madzi. Mamita zikwi zitatu kulibe munthu amafikako ali moyo. Nambala imeneyi amalembera anthu ovala tayi, aziwerengera anzawo."

Mkuluyo anagwira kolala yake. Wokonzayo anati abwere pakapita masiku atatu, koma sakulonjeza kanthu, chifukwa madzi akalowa dzimbiri silichedwa.

Masiku atatuwo anali aatali kuposa a maliro. Mayi ankadzuka, kupita patebulo, kuima pang'ono, n'kubwerera kuchipinda. Mkuluyo anayesa kukonza mpopi umene sunawonongeke, anasesa pabwalo posesedwa kale, koma sanapepese. Chitsiriza ankamupatsa chakudya osamuyang'ana kumaso. Anali atatopa naye, atatopanso ndi mkwiyo wake womwe.

Tsiku lachitatu mayi anati apita nawo. Wokonzayo anatulutsa wotchiyo m'kabati ikuyenda, ngakhale pa nambala sikisi panatsala kabanga kamene anati sikadzachoka. Mayi anaiika pakhutu nthawi yaitali, maso ali otseka.

Mkuluyo, pofuna kuti anenepo kanthu kabwino, anawauza kuti tsopano ili bwino kuposa kale. Kale inkatsogola ndi mphindi khumi, koma wokonzayo waibweza kuti ifanane ndi nthawi yeniyeni.

Mayi anatsegula maso, kuyang'ana wotchiyo, kuyang'ana ya pakhoma.

"Sinkalakwitsa ayi. Bambo anu ankaitsogoza okha. Ankati munthu amatuluka m'madzi mpweya usanathe, chifukwa kunyumba kuli ana."

Mkuluyo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Mayi anakoka kachitsulo kaja ndi chikhadabo, n'kuyendetsa muvi waukulu pang'onopang'ono, mpaka unatsogola ndi mphindi khumi.