Ukonde pa Amayi Odikira

Atamanga khoma la simenti m'mphepete mwa nyanja, anadula mitengo yonse ya kokonati yomwe ndinkapachikapo maukonde. M'malo mwake anazika zitsulo zisanu ndi ziwiri, zazitali, zopendekera kumadzi. Pachikwangwani analembapo kuti "Amayi Odikira". Malemu mkazi wanga Nhan anandidikira padoko pomwepa zaka makumi atatu, koma sanaimepo chopendekera. Ankadikira akutumbula nsomba.

Zitsulozo zinatalikirana bwino, basi. Ukonde wautali umafunika kuukunga kuti uone pong'ambika, ndipo padoko ponse panalibenso pena. Ndinkasokera pomwepo maukonde a anthu.

Tsiku lina m'mawa kunabwera a Lam, wapampando wa mudzi wathu, ndi mwamuna wovala nsapato zoyera padoko la nsomba. Anali Thuan, amene anapanga zitsulozo. Kumbuyo kwawo anthu ankatsitsa waya wa mpanda.

"Amalume, chotsani izi," anatero a Lam. "Tikutchinga. Eni ake abwera."

"Sindinamalize."

"Mukudziwa kuti mwakoleka ukonde m'khosi mwa mayi?" anafunsa Thuan.

"Khosi lake n'lolimba."

Amayi ogulitsa nkhanu anaseka. Mmodzi anati, "Achimwene, wachitatuyo timamangirapo lona wathu wotitchinga dzuwa. Pa onsewa wolimbikira ntchito ndi yekhayo."

Thuan sanaseke. Anabwerera m'mbuyo, natsinzina diso limodzi, nazungulira kawiri. Kenaka anatulutsa foni.

"A Lam, taonani. Ukonde ukuwalumikiza amayiwa. Ndi zimene ndinkaganiza kuchokera pachiyambi."

A Lam anagwedeza mutu msangamsanga, ngati nawonso ankaganiza zomwezo.

"Amalume, musausokenso," anatero Thuan. "Ukhale wong'ambika chomwechi mpaka kale. Chibowocho ndiye chisoni."

"Chibowocho ndi pothawira nsomba. Ukondewu ndi wa Khiem, akupita nawo panyanja mawa."

Ndinapitiriza kusoka. Thuan anandijambula, n'kundipempha kuti ndiyang'ane kunyanja mwachisoni. Ine ndinayang'ana mfundo yanga.

Mpanda anaumangabe, poti waya anali atabwera kale. Koma Thuan ananenetsa kuti alendo ake akumzinda akadzabwera adzapeze ukonde pamenepo. Choncho a Lam anaikitsa chitseko n'kundipatsa kiyi, nkhope ili khwinya. Amayi a nkhanu anawasiya kunja padzuwa.

Masana ndinapinda ukonde wa Khiem n'kupachika wong'ambika wa msodzi wina, Duoc. Chitsekocho sindinachitsekepo.