Tsache la Mayi Mbewa

Ophunzira a pa yunivesite sasowa dzina lopatsa munthu. Mphunzitsi wawo wa sayansi ya ubongo anamutcha Mayi Mbewa, ndipo dzinalo linamukakamira ngati chisoso, moti ngakhale alonda a pageti ankamulonjera ndi lomwelo. Iye sankadandaula. Akanadandaula bwanji munthu wolowa m'kalasi akununkha utuchi wa m'makola a mbewa, magolovesi akusuzumira m'thumba la jasi lake loyera?

Mbewa zake sizinali zakutchire ayi. Zinali zoyera mbee, zoleredwa m'chipinda chapansi, zodya pa nthawi yake kuposa aphunzitsi. Pa mbewazi ankafufuza matenda aja amene amanjenjemeretsa munthu manja ndi kumuumitsa thupi. Mu ubongo muli kagulu ka maselo othandiza kuti thupi liziyenda mosadodoma. Matendawa akafika, m'maselomo mumaunjikana zinyalala za mapuloteni, ndipo maselowo amafa limodzilimodzi. Mayi Mbewa anathera zaka zake zabwino pa kapuloteni kena kamene ntchito yake ndi kuchotsa zinyalalazo. Dzina lake lenileni linali la zilembo ndi manambala, losatchulika munthu uli ndi njala, choncho iye ankangokatchula kuti Tsache.

Anabaya mbewa zina zodwala kuti maselo awo azipanga Tsache lambiri, zina anazisiya. Patapita miyezi anadula ubongo wake mopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kuika tizidutswato pa tigalasi, n'kuwerenga pa maikulosikopu maselo amene anatsala amoyo. Mbewa za Tsache zinali ndi maselo ambiri. Tsiku limenelo anavina yekhayekha mu labu, mayi wamkulu wa madigiri atatu.

Nkhaniyi inabwera pa nthawi yake. Komiti ya yunivesite inali pafupi kukumana kuti ione ngati angapatsidwe mpando wokhazikika, kapena azipita kukafuna kwina, labu n'kupatsidwa wina. Tsache ndiye linali mlomo wake pamaso pa komitiyo.

Koma panali winanso amene ankadikira Tsache kuposa komiti. Bambo ake, amene ankakhala nawo chimwalirireni amayi, anali dalaivala wa basi pa nthawi yawo. Manja amene kale ankapinda chiwongolero ngati chidole tsopano sankatha kufikitsa kapu pakamwa tiyi asanatayike. M'mawa uliwonse iye ankawamanga mabatani a shati, iwo atayang'ana kudenga ngati kuti nkhaniyo si yawo.

Analakwitsa kuwauza za Tsache. Pofika Lamlungu, wometa tsitsi ankadziwa, anzawo a kutchalitchi ankadziwa, ngakhale mayi wogulitsa tomato pakona ankamupatsa moni wogwira ndi manja awiri.

"Bambo, ndakuuzani kuti izi ndi za mbewa chabe. Za anthu zidakali kutali."

"Mbewa lero, ine mawa," ankayankha choncho. "Ukuganiza kuti ine ndilibe ubongo woposa wa mbewa?"

Tsono tsiku lina m'mawa anali ndi kalasi ya chaka chachiwiri, ndipo linali tsiku la sewero limene ankalikonda. Anagawa kalasi pawiri. A kumanzere anawapatsa chithunzi cha ubongo cholembedwa pamwamba kuti mbewa yolandira mankhwala. A kumanja anawapatsa cholembedwa kuti mbewa yosalandira. Anawauza kuti awerenge timadontho tofiirira, poti kadontho kalikonse ndi selo lamoyo. Anawerenga atatulutsa malilime, ndipo monga chaka chilichonse, a kumanzere anapeza ambiri, a kumanja ochepa.

"Ndiye mankhwalawa akugwira ntchito?"

"Eee, Madamu!"

"Sinthanani mapepala."

Atasinthana, kunabuka chiphokoso. Chinali chithunzi chimodzi chomwecho.

"Madamu mwatipusitsa!"

"Ine ayi. Akupusitsani ndi maso anu omwe mwabwera nawo kuchokera kwanu." Analoza kadontho kotuwa pa chithunzi cha pakhoma. "Aka kali moyo kapena kafa? Amene ukufuna kuti mankhwala agwire, umakawerenga. Amene sukufuna, umakadumpha. Sukunama, koma mtima ukukankha chala. N'chifukwa chake mu labu, tigalasi timayamba tapita kwa munthu wina. Iyeyo amata tepi pa zolembedwa zonse, n'kutisakaniza. Wowerenga asadziwe kuti aka ndi ka mbewa iti. Ngakhale atakhala mngelo, asadziwe."

Mawu otsirizawo anamutsamwa. Ophunzira ankasekabe, koma iye anangoima choko chili m'mwamba.

Tigalasi take ta Tsache sanatimate. Mayi wothandiza mu labu, amene ankagwira ntchito yomata tepi, anali ku tchuthi chokachira nthawi imeneyo. Mayi Mbewa anaona kuchedwa. Anadziuza kuti munthu wophunzitsa zimenezi chaka ndi chaka diso lake silingamupusitse. Anawerenga yekha, kagalasi kalikonse kali ndi chilembo cha dzanja lake lomwe, ndipo m'makutu mwake munkamvekabe kulira kwa supuni ya bambo ake ikugunda m'mbale. Manyazi amene anamugwira m'kalasimo anali oti akanatha kulowa pansi.

Atatuluka sanapite kukamwa tiyi. Anakanyamula mabokosi a tigalasi n'kukawakhazika pa tebulo la a Pulofesa, mkulu wa dipatimenti, bambo wa dazi wokonda mtendere kuposa chilichonse. Pamwamba pa mabokosiwo anaikapo mpukutu wa tepi yakuda.

A Pulofesa anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta magalasi awo ndi tayi.

"Adokotala, ndakumvani. Koma komiti yayandikira. Kaperekeni zimene muli nazo, mpando mutenge, kubwerezako mudzachite mtima uli m'malo. Simunabe kanthu. Mwina manambala adzatuluka omwewo."

"Mwina. Nanga akadzapanda kutuluka? Ndidzakhala pa mpando umene ndinaupeza ndi diso labodza."

"Ine ndakhala m'makomiti amenewa mpaka tsitsi kutha. Sakonda munthu wobwera chimanjamanja. Labu imeneyi akuiyang'ana anthu ambiri, mukudziwa inu."

"Ndikudziwa. Koma muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, a Pulofesa. Ndikangoima pamaso pawo n'kunena kuti Tsache likugwira, wina kwinakwake atenga mawu angawo n'kutayirapo zaka zake. Ndimatireni. Ndimafuna munthu woti ndikamuchonderera asandiuze."

A Pulofesa anapumira m'mwamba, n'kukoka mabokosiwo. "Mwana wa dalaivala," anatero, "mabuleki mulibe."

Anamata bwino, tisawanamizire. Kagalasi kalikonse anakakulunga kumutu ndi tepi yakuda, n'kulembapo nambala yatsopano, n'kutisakaniza ngati makadi a juga.

Masabata otsatirawo Mayi Mbewa anakhala munthu wa m'kachipinda ka maikulosikopu. Akatuluka m'kalasi, ulendo komweko. Nthawi ya nkhomaliro, komweko, buledi ali m'thumba. Khosi linauma gwa, maso anafiira, ndipo ophunzira obwera kudzadandaula za malikisi ankabwerera pakhomo ataona nkhope. Ankawerenga ndi kachipangizo kodina ndi chala, tike, tike, tike. Akakumana ndi kadontho kotuwa ankatsata lamulo limodzi pa onse: kopanda mzere woonekera wozungulira, sikawerengedwa. Zinali zowawa, poti kalikonse kamene ankakadumpha kakanatha kukhala ka Tsache.

Tsiku lina anatola kagalasi kamene tepi yake inamatuka pakona. Kunali kungopendeketsa dzanja pang'ono, chilembo chikanaoneka. Panalibe munthu, chitseko chinali chotseka. Mtima unagunda ngati wa mwana amene wapeza shuga ali poyera. Anatsinzina, n'kufufuza konayo ndi chala chachikulu, n'kuidinikiza mpaka inagwira. Atatsegula maso anadzitukwana pang'ono chifukwa chofuna kusuzumira, n'kupitiriza kuwerenga.

Kunyumba bambo ake anaona kuti zinthu sizili bwino. "Iwe, mbewa zakuluma? Bwanji ukudya ngati mlendo?"

"Ntchito, bambo."

"Ntchito ya Tsache lathu?"

"Yomweyo."

Atamaliza kagalasi kotsiriza anaitana a Pulofesa. Iwo ankamatula tepi n'kutchula chilembo, iye n'kumaika nambala iliyonse ku mbali yake pa kompyuta, ya Tsache uku, yopanda Tsache uku. Poyamba ankatchula mokweza ngati oitana maina m'kalasi. Pofika pakati mawu anatsika. Manambala aakulu ndi aang'ono ankagwera mbali zonse ziwiri mosasankha. Mizati iwiri yoonetsa zotsatira pa kompyutapo, imene kale wina unali wautali kuposa unzake, inaima molingana ngati mapasa.

Kusiyana kuja kunalibe. Kunali m'maso mwake.

A Pulofesa anaunjika tizidutswa ta tepi pa tebulo, n'kumatiumba kukhala kampira. "Pepani, Adokotala."

Iye analira. Sanabise, analira misozi yeniyeni ya munthu amene zaka zake zapita, jasi loyera lili m'thupi. Atatha anamina, n'kufunsa ngati pulojekita ya m'chipinda cha komiti inakonzedwa.

Pamaso pa komiti anaonetsa zithunzi zonse ziwiri, cha kuwerenga koyamba ndi cha kuwerenga kwachiwiri, ndipo ananena yekha chimene chinasiyanitsa. Anafotokozanso zimene ankafuna kuyesa tsopano: mwina Tsache ankalipereka mochedwa, nyumba itadzaza kale zinyalala, ndiye ayambe mbewa zisanadwale. Mkulu wina wa masuti anafunsa ngati yunivesite imalipira anthu kuti azipeza zoti palibe. Iye anayankha kuti kudziwa njira yosapita kumudzi n'kudziwanso, bola usabwererenso komweko. A komiti sanaseke. Mpando wokhazikika sanamupatse. Anamuonjezera chaka chimodzi, a Pulofesa atalankhula mpaka thukuta padazi, ndipo theka la labu anapatsa munthu wina.

Zonsezo zinali zopepuka. Cholemera chinali kunyumba, chitakhala pampando wa pakhonde, chikudikira. Madzulo amenewo anangoti watopa, akamba mawa.

M'mawa anawapeza atakhala pabedi, shati ili yotsegula, manja akuvina pamaondo. Anagwada n'kuyamba ndi batani lapansi monga mwa masiku onse.

"Bambo, Tsache lija silikugwira."

"Lathyoka?"

"Silinagwirepo n'kale lonse. Ndinawerenga molakwa. Ndinkafunitsitsa kuti ligwire, ndiye maso anga anaona zimene kulibe. Ndabwereza mwa njira yake, palibe."

Bambo aja sanayang'ane kudenga tsiku limeneli, anayang'ana manja awo. Iye anaona kuti zawapweteka, ndipo sanayese kuwanyengerera ndi mawu otsekemera, poti akanadziwa.

"Ndiye kuti ine sindidzaulawa mankhwala ako."

"Sindikudziwa, bambo. Mwina ayi."

"Wometa uja andiseka."

"Ndikamuuza ndine."

"Ayi, pakamwa panali panga, ndikamuuza ndekha." Kenako anamuyang'ana kumaso. "Unkafunitsitsa chifukwa cha ine?"

Iye anangogwedeza mutu, zala zili pa batani lachitatu.

"Ndiye usamandiike m'makina akowo, mwanawe. Ine ndine wolemera, ndikupendeketsera sikelo." Anayesa kuseka, koma sikunatuluke bwino. "Mbewa zatsala?"

"Zilipo."

"Labu?"

"Theka."

"Theka ndi labu. Ine ndinayendetsapo basi ya magiya awiri okha, anthu anafika." Anakankha dzanja lake pang'onopang'ono kulichotsa pa shati. "Siya lapamwambali. Ukandimangira onse uchedwa."

Panatsala batani limodzi, la pakhosi. Bambowo analigwira ndi zala ziwiri, linapulumuka. Analigwiranso, n'kulifikitsa pabowo, dzanja linagwedezeka, linapulumukanso. Mayi Mbewa anaika manja ake kumbuyo n'kuwagwiranitsa zolimba, chifukwa ankafuna kuthandiza mpaka zala kuyabwa. Nthawi ya kalasi inali itayandikira, m'chikwama munali mpukutu watsopano wa tepi yakuda, ndipo mbewa zinkadikira m'chipinda chapansi. Sanasunthe.

"Osandiyang'ana ngati komiti," anatero bambo ake, lilime lili pakona pa mlomo. Analigwiranso batani lija.