Chingwe cha pantoni ya Doyle

Kwathu kuno, zaka zimenezo, chisankho cha mu Novembala chinali cha mwambo chabe. Chipani cha mano chinali chimodzi, ndiye wopambana pa chisankho cha chipulula m'nyengo yotentha ankangopita kwa telala kukasoketsa suti ya ubwanamkubwa. Akuda sankaloledwa kuyandikira bokosi la mavoti, chikhalirecho nkhumba zonse zodyedwa pamisonkhano ankaotcha ndi iwowo.

Doyle Scoggins ankayendetsa pantoni ya boma pa mtsinje wa Okatee. Ankakweza anthu, ngolo ndi abulu, n'kukoka chomboncho motsatira chingwe cha waya mpaka tsidya. Ntchitoyo anamusiyira ndi bambo ake, pamodzi ndi kanyumba ka boma ka padoko. Kulima thonje sankatha, ngakhale msomali ankaukhoma mokhota. Kuchotsa pantoni pamenepo kunali kuchotsa Doyle yemwe, n'chifukwa chake liwu loti mlatho sankafuna n'kulimva komwe.

Bwanamkubwa Harlan Tibbs ndiye anali mwini liwulo. Chisankho chikayandikira ankaoloka kupita ku Beulah Bend, n'kukwera pangolo, malaya ali chonyowa ndi thukuta, kulonjeza mlatho wachitsulo. Anthu a tsidyalo ankamuvotera ngati nkhosa. Chaka chimenechi anapikisana ndi loya wina wowonda, Rufus Maddry, amene za mlatho sanazitchule n'komwe.

M'mawa wina kunabwera anthu oyeza malo. Anakhoma zikhomo m'mbali mwa mtsinje, n'kumangirira tinsalu tofiira, chikhomo china pakhomo penipeni pa Doyle.

"Tatha, Verna," anatero kwa mkazi wake. "Mlatho uja wafika."

Verna sanasiye n'komwe kusenda mbatata. "Zikhomo zimenezo zimamera chisankho chikayandikira, mwaiwala? Za ulendo watha uja ndinasonkhera moto ndine."

"Ulendo uno athira ndi mulu wa miyala."

"Miyalayo adzaitenga pa lole yomwe yaibweretsayo akaulutsa zotsatira. Inu khalani phee, muzikoka chingwe chanu. A Tibbs akamanga mlathowo azikanena chiyani ku Beulah Bend? Nkhuku yoikira saiphera alendo."

Koma Doyle anali mwamuna wa mtundu uja woti nzeru ikachokera kukhitchini amaiona ngati utsi. Anagona nayo nkhaniyo, nadzuka nayo. Ankadziwa lamulo la chipani, loti wopambana m'boma lililonse la m'chigawo chathu, ngakhale ndi voti imodzi, watenga boma lonselo. Ankadziwanso kuti a ku Beulah Bend amaponyera voti kusukulu ya tsidya lino, ndipo njira ina yozungulira inali ulendo wa tsiku lathunthu pa bulu.

Tsiku la chipulula kutacha, anthu a tsidya anatsikira padoko atatchena za kutchalitchi. Anapeza pantoni ili tsidya lino, chingwe chili lende m'madzi. Doyle anali chilili pagombe, chipewa m'manja, nkhope ngati wa pamaliro.

"Chaduka chokha, abale," anafuula. "Chakalamba."

"Wakalamba ndi iwe, mbava," inayankha nkhalamba ina tsidyalo. "Dzulo lomweli chinaolotsa lole ya matabwa."

Doyle anayamba kuchilumikiza. Koma kalumikizidwe kake, abale. Ankati akamenya kamodzi ndi hamala, n'kukhala pansi kufunafuna fodya m'matumba onse. Anyamata angapo anasambira, zovala atamanga pamutu, koma azimayi ndi madoda anangokhala padzuwa kumutukwana mpaka mawu kusasa. Chingwe chinachira dzuwa litapendeka, kusukulu atatseka kale bokosi.

Maddry anatenga boma lathu movutikira, ndipo boma lathulo ndi limene linapendeketsa chigawo chonse. Tibbs anapita kukhoti, nabwerako chimanjamanja, poti chingwe sichingaitanidwe kudzachitira umboni.

Doyle anatupa. Kusitolo ankalowa chammbali, ngati chitseko chamuchepera. Verna anangoti, "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," koma mwamuna wake anamva ngati mphepo.

Atalumbira, bwanamkubwa watsopano anayamba kuyendera maboma kuthokoza anthu. Galimoto yake yakuda inakwera pantoni ya Doyle masana ena, limodzi ndi mkulu woona za misewu, bambo wamagalasi wotchedwa Purvis Gaddy. Ali pakati pa mtsinje, Maddry anatsika n'kudzaima pafupi ndi Doyle.

"Ndinu a Scoggins? Ndamva mbiri yanu. Chingwe chake n'chimenechi?"

"Chomwechi, bwana."

"Chikuoneka cholimba."

Apa munthu wanzeru akanangoyang'ana madzi. Doyle anatsinzina diso limodzi. "Chimalimba tsiku limene ndafuna ine, bwana. Mpando mwakhalawo unaolokera pano."

Maddry anaseka mpaka kutsokomola. Anamusisita paphewa, namupatsa ndudu yaikulu ya m'thumba lake, nayatsa yekha machesi. Doyle anakoka utsi uja akuona kale mwana wake atalembedwa ntchito ku likulu.

"Ndiye kuti anthu onse a tsidya lija, kuti avote kapena asavote, zili kwa inu," anatero Maddry.

"Kwa ine ndekha, bwana."

"Mwamva, a Gaddy?" Bwanamkubwa anatembenukira wamagalasi uja, kumwetulira kuli pomwepo. "Zikhomo za Tibbs zija musazule. Itanitsani zitsulo mwezi uno."

Ndudu inatsala pang'ono kugwa pakamwa pa Doyle. "Koma bwana, inu za mlatho simunalonjeze."

"Sindinalonjeze, zoona. Koma chipulula china chikubwera, a Scoggins, ndipo ndidzaimanso. Amene adzapikisane nane akadzakupatsani ndudu ziwiri, ine ndidzatani? Sindingagone tulo mavoti a dera lonse ali pa hamala ya munthu mmodzi." Anakwera galimoto yake, natulutsa mutu pawindo. "Musadandaule, boma silitaya anthu ake msanga. Zitsulozo zifunika woolotsa."

Ndipo anaolotsadi ndi Doyle. Chilimwe chonse pantoni inanyamula simenti, miyala ndi mitanda yachitsulo, kupita n'kubwera, iye akukoka chingwe, mthunzi wa mlatho ukukulirakulira pamsana pake. Anthu a ku Beulah Bend, omwe aja anawaotcha padzuwa, ankamuvulira chipewa akamakwera.

"Zikomo kwambiri, achimwene," ankatero. "A Tibbs tinawavotera mpaka imvi, osaona kanthu. Inu tsiku limodzi lokha."

Sabata yotsegulira mlatho, Gaddy anabwera kudzayeza kanyumba ka padoko, poti msewu unayenera kudutsa pamenepo. Anapeza Verna akukulunga mbale m'manyuzipepala, Doyle atakhala pakhonde manja ali m'khosi.

"Tanyamukani," anatero Verna kwa mwamuna wake. "Mpando mwakhalirawo ndi wa bomanso."