Ziro ya Achimwene

Achimwene anamwalira atatsala pang'ono kumaliza gemu yawo. Ndikudziwa kuti si poyambira pabwino pa nkhani ya imfa, koma ndi chimene ndinatsala nacho. Nsapato zawo anatenga amalume, zida zokonzera mafiriji zinabwerera kuntchito kwawo, foni inaphwanyikira pamsewu pomwepo pamodzi ndi njinga yamoto. Kwa ine kunatsala kabokosi kakuda ka pansi pa TV, makontirola awiri, ndi fayilo imodzi ya gemu yolembedwa dzina lawo.

Gemuyo ndi ya ngwazi ina yovala chovala chachitali chakuda, imene ife tinkangoitcha Chijasi. Ali ndi mphamvu zoopsa: galimoto amainyamula ngati pilo, ndipo amadumpha kuchokera padenga la nyumba yosanja osathyoka mwendo. Mzinda wake analanda ndi achifwamba, ndiye iye amalowa m'nyumba zawo imodziimodzi kukamasula anthu ogwidwa. Njira zilipo ziwiri. Ukhoza kuthyola chitseko n'kumenya chilichonse chopuma. Kapena ukhoza kuzembera: kukwawa m'mapaipi a mpweya, kuima mumthunzi, kuponya botolo uko kuti mlonda acheuke, iwe n'kudutsa kumbuyo kwake.

Ine ndinali wa nkhonya. Achimwene anali ozembera, ndipo anasankha kasewero kovuta kuposa konse, kamene gemu imasunga yokha chilichonse chimene chachitika, osakulola kubwerera kukakonza. Pakona ya sikirini pamakhala nambala yosonyeza kuti alonda akuona kangati. Yanga inali itadutsa mazana atatu. Ya achimwene, atasewera maola 61 n'kudutsa nyumba 17 mwa nyumba 20, inali ziro.

"Profesa," ankatero, maso ali pasikirini, "mphamvu zonsezi n'kumangomenya anthu? Ndiye wasiyana pati ndi ng'ombe?"

Dzina la Profesa linayamba nditapita kukoleji. Maliro atatha ndinabwererako, ndinakhala masiku asanu ndi anayi, ndinalongedza n'kubwerera kunyumba. Dzinalo silinalongedze. Ndinapeza ntchito pakashopu ka fotokope, yopanikiza batani lobiriwira kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Ndikaweruka ndinkayatsa kabokosiko n'kuyang'ana fayilo ya achimwene. Kusewera ayi. Manja angawa akanaipha ziro ija pa mphindi imodzi. Ndinkangoona dzina lawo, 17, ndi ziro, kenako n'kuthimitsa. Miyezi inayi ndinachita zimenezi.

Lolemba lina ndinapeza 18.

Ndinapukuta sikirini ndi malaya ngati nambalayo ndi fumbi. Inakhalabe 18. Maola anali atakwera kufika 66, ndipo ziro inali pamalo pake. Ndinaika dzanja pamwamba pa kabokosi. Kanali kofunda.

M'nyumba mwathu tinalimo atatu. Amayi amachoka mbandakucha kupita kuchipatala kumene amachapa nsalu, ndipo TV akaisintha tchanelo molakwitsa amadikira ine. Wina anali mlamu wanga, mkazi wa achimwene, amene amasoka zovala m'chipinda chakumbuyo. Makolo ake anali atanena kale kuti adzabwera kudzamutenga Loweruka la sabata imeneyo. Gemuyo ankadana nayo poyera. Ankaitcha mkazi mnzake, ndipo tsiku lina anaopseza kuti aisokera diresi laukwati kuti zinthu zikhale mwadongosolo.

Choncho panali munthu wachinayi. Munthu wolowa m'nyumba masana ife tonse kulibe, wokhala pampando wa achimwene, wodziwa kuzembera moti n'kudutsa nyumba yathunthu osaonedwa. Wotero ndinkamudziwa mmodzi yekha: Mlongoti, mnzawo wa achimwene wa kuntchito, wamtali moti amawerama polowa pakhomo lathu. Chichitikireni maliro anali atabwera katatu kudzaona firiji yathu, firiji yosadwala.

Pa chakudya chamadzulo ndinafunsa ngati ndikungocheza.

"Alamu, kunabwera alendo lero?"

"Makasitomala awiri ndi wowerenga mita ya madzi. Bwanji, fotokope yatha mwayamba ulonda?"

"Ndinaona makapu awiri musinki."

"Ina ndinamwera m'mawa, ina masana. Mukanatsuka onse awiri, Mulungu akanakudalitsani."

"Inu awiri," anatero amayi, "mundisiye ndidye."

Mlamu anaseka pang'ono, koma sanandiyang'ane. Ndinaona kuti foni yake waigoneka chafufumimba patebulo. Mwina ankatero kuyambira kale. Sindinkayang'anapo kale.

Lachiwiri ndisanachoke ndinatenga kaulusi kofiira n'kukagoneka pakati pa mabatani a kontirola ya achimwene. Nditabwerako mlamu anandichingamira pakhonde, kaulusiko akagwira ndi zala ziwiri.

"Ulusi wangawu ndaupeza pachidole chanu. Mukafuna kuphunzira kusoka muzinena."

"Munaupeza bwanji, poti simugwirako?"

"Ndimapukuta fumbi, Profesa. Nyumbayi siidzisesa yokha."

Fumbi. Pamwamba pa TV munthu akanalemba dzina lake ndi chala, koma kontirola inali yowala. Maola anali 69. Nambala ya nyumba sinasinthe, komabe Chijasi sanali pamene anali dzulo lake. Wina anali atamuimika padenga la nyumba ya 19, akuyang'ana pansi.

Lachitatu pa nthawi ya nkhomaliro ndinapita kumene Mlongoti amagwira ntchito. Ndinamupeza atagwada kumbuyo kwa firiji yaikulu ya m'butchala, tochi ili m'kamwa. Anandikumbatira ndi mkono umodzi, akununkha mafuta a makina, fungo lenileni limene achimwene ankabwera nalo kunyumba. Ndinamuda nacho chimenecho.

"Profesa! Waonda iwe. Akukudyetsa mapepala kumeneko?"

"Ndimangodutsa. Gemu ija mumasewerabe?"

"Nthawi ndiipeza kuti, mphwanga? Chichokereni mkulu wako ntchito yonse ili pamutu panga." Anapukuta manja pansanza. Ndinayang'ana zala zake zazikulu ngati zingandiuze kanthu. "Alamu ako ali bwanji? Ndamva akupita Loweruka."

"Mwamva kwa ndani?"

Anandiyang'ana kaye. "Kwa amayi ako. Tinakumana pasiteji ya basi. Vuto n'chiyani?"

"Palibe."

"Ukatopa ndi fotokope ubwere kuno ndikuphunzitse. Mkulu wako ankafuna zimenezo."

Ankadziwa zimene achimwene ankafuna, ankadziwa za Loweruka, ankadziwa zonse za m'nyumba mwathu. Madzulo ake ndinapeza 19, ziro ili chikhalire.

Pamenepo mpamene mantha anandigwira zenizeni. Inatsala nyumba imodzi. Akaidutsa, gemu yatha, mayina a anthu amene anaipanga ayamba kukwera pasikirini, ndipo malo amene achimwene anaima sadzapezekanso. Akalephera, ziro yapita. Uku n'kuipa, uko n'kuipa, ndipo zonse zikanachitika ndi manja a mwamuna amene wabwera kudzakhala pampando wa malemu, miyezi inayi yokha, mkazi wa malemuyo akumuthirira tiyi.

Kuuza amayi sindikanatha popanda umboni. Lachinayi m'mawa ndinavala malaya a kuntchito, ndinatsanzika mokweza, ndinamenyetsa geti kuti limveke. Ndinazungulira kanjira ka kumbuyo, ndinakwera pathanki ya madzi n'kulowera pawindo la kubafa. Ndinanyula chigongono pachitsulo, koma makina osokera ankalira ndiye palibe anamva. Ndinavula nsapato, ndinalowa m'chipinda cha amayi, ndinakhala pansi kuseri kwa chitseko.

Ndinakhala maola atatu. Ndinamva kasitomala wina akudandaula kuti siketi yamuthina, mlamu akumuuza kuti siketi sinalakwe kanthu. Ndinamva madzi akuthiridwa m'ketulo. Mwendo unachita dzanzi. Kenako makina anasiya, geti linalira, chitseko chakumaso chinatsekedwa ndi kiyi. Sindinadziwe ngati wina watuluka kapena walowa. Makatani a pabalaza anakokedwa. Patapita kanthawi ndinamva kaphokoso kaja kamene kabokosi kamachita kakamayaka.

Ndinadikira mphindi makumi awiri kuti alowerere. Ndinatuluka chokwawa m'kanjira ka pakati pa zipinda.

Sofa yathu imafulatira kanjirako. Pabalaza panali kamdima chifukwa cha makatani, ndipo munthuyo anakhala motsamira pansi kwambiri, moti ndinangoona mapewa ndi mutu. Anavala jekete ya achimwene ya kuntchito, ya buluu ija, chipewa chake atachikokera kumutu. Ngakhale jekete yawo wamupatsa! Pasikirini Chijasi anali ataima mumthunzi wa chipilala, m'chipinda chachitali chowala, alonda atatu akuyenda uku ndi uko ndi matochi. Sankasuntha. Ankawerenga mayendedwe awo, monga ankachitira achimwene.

Ndinadumpha n'kugwira phewalo mwamphamvu.

"Ndakugwira!"

Phewalo linali laling'ono. Munthuyo anakuwa, manja anagwedezeka, ndipo Chijasi anatuluka m'mthunzi sitepe imodzi yokha. Tochi inamugwera kumaso. Belu linalira, sikirini inafiira, kachizindikiro kosunga kanazungulira pakona kamodzi n'kuzimiririka. Pamene panali ziro panalembedwa 1.

Mlamu anadina batani loimitsa. Anachotsa chipewa kumutu. Sanandiyang'ane ine, anayang'ana nambalayo nthawi yaitali.

"Chipinda chomaliza," anatero motsitsa. "Chitseko ndi icho apo."

"Alamu... inu?"

"Ayi, agogo anu."

"Koma simudziwa kusewera."

"Maola 61 ndinakhala pambali apo ndikupinda mipendero ya anthu, akulu anu ali pampando uwu. Mumayesa ndinkayang'ana khoma? Mlonda aliyense ndikumudziwa pamene amatembenukira. Mabataniwa ndinaphunzirira pafayilo yanu, mwezi wathunthu, inu osazindikira. Yanuyo munthu akhoza kuonedwa kakhumi patsiku, palibe angadziwe."

"Bwanji osandiuza?"

"Mukanalola?"

Sindikanalola. Ndinakhala pamkono wa sofa.

"Anandiuza kuti akamaliza gemuyi aitsekera m'kabati, ndidzakhalenso mkazi mmodzi m'nyumba muno," anatero. "Kunatsala nyumba zitatu. Ndinati ndiwamalizire ndisanapite, mmene iwo ankafunira. Ndikanakusiyirani pasikirini Loweruka, mudzapeze nokha."

Anatembenuka tsopano. Anaona mapazi anga opanda nsapato, magazi a pachigongono, fumbi la pathanki pamalaya. Ndinaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono pamene ankalumikiza zinthuzo.

"Mwalowera pati?"

"Pawindo la kubafa."

"Mwakhala muno kuyambira m'mawa?"

Ndinagwedeza mutu.

"Makapu aja. Ulusi uja." Anaika kontirola pamwendo. "Mumayembekezera kugwira ndani, alamu?"

"Palibe. Ndimangofuna kudziwa."

"Munthu sadumphira mlamu wake chonchija. Munagwira ngati mukugwira mwamuna. Tchulani dzina."

Sindinalitchule. Sanafunikenso kulimva. Anaseka kamodzi, kuseka kouma, n'kupukuta mphuno ndi mkono wa jekete.

"Miyezi inayi," anatero. "Sopo wawo adakali kubafa, sindinamuchotse. Munamuponda polowa kapena?"

"Pepani, alamu."

"Ndinkakusungirani chakudya mukachedwa. Mutabwera ndi katundu wanu kuchokera kukoleji, amayi akulira, ndinawauza ine kuti akusiyeni, mudzabwerera mtima ukakhala pansi. Ine ndemwe."

"Pepani."

Anaimirira, anavula jekete, anaipinda bwinobwino monga amapindira zovala za makasitomala, n'kuikumbatira pachifuwa. Kontirola anaiika m'manja mwanga. Inali yofunda, yonyowa pang'ono ndi thukuta lake.

"Akubwera atatu kutsogolo, ena awiri atulukira pachikepe. Nkhonya ndi zanu, Profesa. Menyani."

Analowa kuchipinda kwake. Sanamenyetse chitseko, anachisiya chotsegula. Ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi, zipi ikutseguka, mahang'ala akugundana m'kabati.

Ndinakhala pamalo pamene anakhala iye. Pasikirini zonse zinali zitaima: alonda miyendo ili m'mwamba pothamanga, Chijasi ali pambalambanda, dzanja likutchinga kuwala kwa tochi. Ndikanawamaliza asanuwo pa mphindi ziwiri. Ndikudziwa batani lonyamulira munthu n'kumuponyera anzake. Chala changa chinali kale pamenepo.

"Alamu," ndinaitana. "Palibe pobisalanso?"

Mahang'ala anasiya kulira.

"Kumanzere, kuseri kwa mabokosi, kuli paipi," anatero ali kuchipinda komweko. "Mukalowa musathamange. Koma akudziwa kale kuti mulimo."

Zipi inatsekeka. Ndinachotsa chala pabatani la nkhonya, ndinachiika pa lokwawira, ndinapitiriza gemu.