Khasu la Lawson

Mlatho wa pa Linthipe unkakula pang'onopang'ono ngati mwana wodwaladwala, ndipo Salome ankauyendera kuposa kapitawo amene. Akapita kukatunga madzi, mtsuko unkangokhala pansi, iye ali chiimire, maso ali pa zipilala za simenti zomwe zinkatuluka m'madzi. Amayi anzake ankamuseka kuti tsiku lina mzungu adzamupatsa chipewa.

Chomwe chinkamusowetsa mtendere chinali Lawson, mwamuna wake. Lawson anali wa kutsidya, mbali ya Khombedza, ndipo anabwera pachikamwini chaka chija cha njala. Analima munda wa apongozi ake osanyinyirika. Ntchito ya mlatho itabwera, analembedwa yoponda konkire n'kukakhala kumisasa ya antchito kutsidyako. Mvula itagwa, mtsinje unasefukira, Lawson osaonekanso. Uthenga unkangobwera ndi asodzi, wakuti madzi achuluka, abwera akaphwa. Salome sanafune kudzifunsa kuti nanga asodziwo ankawoloka bwanji. Chilimwe chitafika uthenga unasintha: kapitawo ngwankhanza, salola munthu kuchoka mpaka mlatho uthe.

Khasu la Lawson linali lotsomeka kudenga. M'mudzimo, khasu la mkamwini likakhala m'nyumba ndiye kuti ukwati ulipo, koma likabwezedwa kwawo, basi zatha. Mose, mchimwene wake wa Salome, yemwe anali mwini mbumba, ankalifuna khasulo.

"Mlongo, dzinja lachiwiri lino udzu ukukwirira chimanga," anatero Mose. "Tsitsa khasulo ndikatule kwa ankhoswe."

"Achimwene, dikirani mlatho uthe. Munthu angawoloke bwanji madzi oterewa?"

"Kani ng'ona zake zimafuna mlamu wanga yekha?" Mose anapukusa mutu. "Chabwino, wanena wekha. Mlatho ukatha."

Kuyambira pamenepo Salome sankadziwanso chomwe akufuna. M'mawa ankatukwana antchito chamumtima kuti ndi aulesi, masana n'kumaopa kuona zitsulo zikuyandikira gombe la kwawo. Tsiku lina madzi anakokolola matabwa ochirikiza chipilala chapakati, amuna kutsidyako manja ali m'mutu. Salome anakondwera, kenaka anachita manyazi kwambiri. Akalowa m'nyumba ankatuluka, akakhala pansi ankanyamuka, kupeta mpunga wopetapeta kale.

Koma palibe chinthu chosatha. Tsiku lotsegula mlatho, Salome anazira nyumba, anaphika thobwa, nasambitsa Lena, mwana wawo. Anakaima naye m'mphepete mwa msewu watsopano pamodzi ndi mudzi wonse.

Inayamba kuwoloka galimoto ya azungu, anthu n'kuwomba m'manja. Kenaka malole a kampani, atasenza migolo, mawilibala ndi antchito, paulendo wokamanga pamtsinje wina kummwera. Lawson anali pamwamba pa matumba a simenti, atanenepa, atavala chisoti chatsopano. Iye anamuona Salome. Anakweza dzanja mwaulemu, monga umachitira ndi munthu amene munakumanapo kumsika. Lole sinachepetse liwiro, pakuti msewu unali wosalala bwino. Salome ndi mwana anatsala akutsokomola fumbi.

Mose anafika pambali pake, maso ali pansi. Sanafune kumukumbutsa kuti ananena.

"Ndikatenge khasu lija, mlongo?"

"Ndikatula ndekha, achimwene."

"Imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe, si ya mkazi."

"Mlathowu ndaulondera ndine. Ndilekeni ndiupondeko."

Anakatsitsa khasu, napukuta mwaye ndi nsonga ya chitenje, naliika paphewa. Anamuthyolera Lena kachidutswa ka nzimbe kuti asavute m'njira. Anthu anapatuka kumupatsa njira.

Pansi pa mlatho madzi ankangolira, ofiira, odzadza ndi zinyalala. Salome ankayenda pakatikati, mtima ukumupweteka. Chomwe chinamuliza sichinali Lawson ayi, koma kufupika kwa njirayo. Anafika kutsidya Lena asanamalize nzimbe yake.