Kathabwa ka pa Mtengo wa Mabulosi

"Taona! Taona zimene zachita ziweto za bambo ako!"

Mayi anatambasula nsalu yoyala pabedi pamaso pa mwana wawo. Anaichapa m'mawa womwewo mpaka zala kuchita makwinya, koma pakati penipeni panali chitosi chofiirira, cha mbalame yokhuta mabulosi. Pumbwa amene anachita zimenezi sanathawe n'komwe. Anali phee pachingwe choyanikira zovala, atapendeketsa mutu ngati akudikira kuti amuthokoze.

Mwana wawoyo, amene aliyense ankamutchula kuti Injiniya chiphwasulire wailesi ya pakhomo ali wamng'ono n'kulephera kuibwezeretsa, anangoyang'ana nsaluyo n'kupitiriza kumwa tiyi.

Anthu a pamaliro anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa, ndipo pakhomo panatsala Mayi, Injiniya ndi mkazi wake. Panatsalanso mbalame. Izo palibe anaziuza kuti mwini wake wapita. Dzuwa la chilimwe likangotuluka zinkadzaza mumtengo wa mabulosi kuseri kwa nyumba: mpheta, njiwa, apumbwa, zonse kukamwa yasa, kuitanitsa chakudya. Mpheta zina zinafika pogogoda pawindo la kuchipinda, mbali imene ankagona malemu. Mayi zinkawapweteka mutu, ndipo zinkawapwetekanso pena pamene sankafuna kupatchula.

Malemu anali dalaivala wa basi, munthu wamtali ngati mlongoti, wosachedwa kuseka koma wochedwa pa china chilichonse. Atapuma pantchito anasowa anthu oti aziwanyamula, ndiye anayamba kusunga mbalame zopanda mwini. Chilimwe chikafika, madzi atauma m'ngalande, ankazipatsa madzi ndi mpunga. Mpungawo unali wa m'khitchini mwa Mayi. Buledi ankamubisa m'thumba la malaya, nyerere n'kumawatsatira mpaka m'kabati. Akatero ankakhala pampando pansi pa mtengo, chipewa chili pabondo, kumayang'ana mbalame ngati zikuwauza nkhani za nzeru.

Mayi kumtengoko sankapondako. Mabulosi akugwa ankadetsa mapazi, komanso analumbira. Ankangotsegula windo la kukhitchini n'kukalipa kuti oyandikana nawo amve:

"Tsiku limene ndidzakuikeni m'manda, mtengo uwo ndidzaugwetsa!"

"Mudzayambe mwazipatsa madzi, mayi," ankayankha malemu, osatembenuka n'komwe.

Ngakhale matenda atawafooketsa sanasinthe. Tsiku lina Mayi akutsuka mbale, bamboyo anabwera mwakachetechete kumbuyo kwawo, kuika chikhatho paphewa lawo, kenako n'kuchisuntha mpaka panthiti za iye mwini, ngati telala woyeza msinkhu. Mayi anachimenya ndi chopukutira mbale.

"Mukundiyeza bokosi ine, wodwala muli inu?"

Masana ake anamva hamala ikulira kumtengo, go! go! go! Munthu amene dokotala anamuletsa ngakhale kunyamula ndowa! Anakalipa pawindo mpaka mawu kusasa. Umenewo ndiwo unali mkangano wawo womaliza wa mphamvu, ndipo Mayi akaukumbukira ankakwiyabe.

"Musavutike, Amayi," anatero Injiniya, akuika kapu pansi. "Ndapangana kale ndi wodula mitengo. Akubwera mawa m'mawa."

Mayi anasiya kupinda nsalu ija. "Wapangana ndi ndani?"

"Wodula mitengo. Si munkanena nokha? Tigwetse, tithirepo simenti, galimoto ndizidzaimika pomwepo ndikabwera. Mbalame zikasowa potera zipita zokha."

Mwana wopusa! Zaka zonsezi kukulira m'nyumba muno osadziwa kusiyanitsa mawu a pawindo ndi mawu enieni? Koma Mayi akanati chiyani? Mawuwo anali awo, anawanena chilimwe chilichonse, msewu wonse unawamva. Kuwameza lero pamaso pa mwana ndi mpongozi kunali kovuta kuposa kumeza mapiritsi opanda madzi.

"Wachita bwino," anatero, n'kulowa m'nyumba. Chitseko anachimenyetsa.

Wodula mitengo anafika kusanatenthe, makina ali paphewa, fungo la petulo lili patsogolo. Anazungulira mtengo uja, kuugogoda, kuyang'ana kumene ungagwere. Mbalame zinali zitakhala chete. Mayi anaima pakhonde manja ali m'chiuno, akudziuza kuti zovala zawo tsopano zipuma.

"Bwana," anaitana wodula mitengo ali kuseri kwa mtengo, "kuno kuli thabwa lokhomedwa. Muchotse kaye. Makina angawa ndi misomali sizimwerana madzi. Palinso chiwiya chanu."

"Chiwiya chanji?" anafunsa Mayi.

"Bwerani muone, mayi. Ine za kukhitchini sindizidziwa."

Ndi mmene Mayi anapondera pansi pa mtengo umene anaulumbirira, mabulosi akuphwanyika kunsi kwa masilipasi. Mpongozi wawo anawatsatira akupukuta manja.

Kuseri kwa thunthu kunali kathabwa kopendekeka, misomali yake yokhotakhota, ntchito ya munthu amene moyo wake wonse sanakhomepo msomali n'kulowa bwino. Pakathabwapo panali chivundikiro cha poto chogadamitsidwa, chouma, muli fumbi ndi tinthenga.

Mayi anachizindikira asanachigwire. Chinali chivundikiro cha poto wawo wa paukwati, chimene chinasowa kalekale. Anachifunafuna mpaka pansi pa mabedi. Ndipo popeza chinasowa sabata imene mpongozi anabwera kudzacheza koyamba, Mayi anali atagamula mlanduwo okha. Sananene poyera, koma nthawi iliyonse mpongozi akagwira poto, ankamukumbutsa kuti ziwiya za m'nyumba muno zilibe miyendo.

"Amayi," anatero mpongozi ndi mawu aulemu kwambiri, aulemu wopitirira, "chivundikiro chija si ichi?"

"Ndili ndi maso."

Ha, bambo uja! Zaka zonsezo kumadya chakudya chophikidwa m'poto wovundikira ndi mbale, kumamva mwana wa eni akunenedwa, iye chete, apumbwa akusamba m'chivundikiro cha paukwati! Akanakhala moyo akanamva lero. Mayi anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma woti amukalipire panalibe, ndipo mkwiyo wopanda kopita unawabwerera m'chifuwa n'kuwawawa.

Injiniya anabwera ndi hamala. Anayang'ana m'mwamba, kenako pansi, n'kupukusa mutu.

"Bambo nawonso! Taonani, thabwa lakale linali uko." Analoza pamwamba, pamene panatsala mabowo a misomali ndi dzimbiri, poti munthu wamtali yekha ndiye akanafikapo. "Ndiye analitsitsiranji? Munthu wamtali ngati iwo kumawerama kuthira madzi, msana ukuwawa kale. Ili n'latsopanonso, taonani silinade."

Mayi anali ataima pafupi ndi thunthu, ndipo m'mphepete mwa kathabwako munkawakhudza paphewa. Paphewa penipeni, pamene chikhatho chija chinagwira tsiku lotsuka mbale.

Injiniya analowetsa mano a hamala pansi pa msomali woyamba.

"Siya."

"Amayi?"

"Ndati siya. Wagontha?"

"Amayi, munthuyu wabwera ndi makina, wathira kale mafuta! Dzulo lomweli mwanena kuti ndachita bwino!"

"Ndimanena zambiri ine. Bambo ako ankadziwa zoti amve ndi zoti asiye. Iwe unatengera kutalika kokha."

"Nanga zovala zanu? Mawa mudzayambanso kulira ndi zitosi."

"Si ndiwe injiniya? Suntha chingwe."

Wodula mitengo anatsokomola, akuyang'ana makina ake. Mayi anamuuza kuti, poti wabwera kale, adule nthambi youma imene inkakhula malata, ndipo akamaliza amwe tiyi. Injiniya anaponya hamala pansi n'kupita kukamasula chingwe, akung'ung'udza kuti m'banja muno munthu ukamvera umalakwa, ukapanda kumvera umalakwanso.

Mayi anatenga chivundikiro chija, kuchigogoda pathunthu kuti fumbi lichoke, n'kuchipukuta ndi mpendero wa diresi.

"Apongozi."

"Amayi."

"Chivundikiro chapezeka."

"Ndaona, Amayi."

"Simunali inu." Anapitiriza kupukuta pamalo poyera kale. "Tanditungirani madzi m'jagi. Mubweretsenso mpunga. Wam'chitini chaching'ono, osati wabwino uja."

Mpongozi anapita akumwetulira, ndipo Mayi anaona, koma analekerera.

Makina ataleka kulira padenga, pakhomo panabwerera bata la dzuwa. Mayi anaika chivundikiro pakathabwa, chinapendekeka, anachichirikiza ndi kamwala. Pumbwa uja, kaya ndi yemweyo kaya ndi m'bale wake, anatera panthambi yapafupi n'kuyamba kulongolola.

"Khala chete, ndamva," anatero Mayi. Kenako, motsitsa mawu, kwa munthu amene sakanatembenuka n'komwe: "Munthu wamwano inu. Munadziwa bwanji?"

Anakweza jagi n'kuthira madzi. Mkono sunatambasuke, ndipo sanafunike kunyanyamphira.